Intaneti ikugwira kumtunda koma m'nyumba ayi: vuto ndi rauta kapena malo?

Nachigwa
Abale, ndithandizeni maganizo. Nyumba yathu ili m'chigwa, kumbuyo kwake kuli chitunda chachitali ndithu, ndipo nsanja ya netiweki ili kuseri kwa chitundacho. Ndinagula rauta ya 4G yoikamo SIM kuti ndizigwirira ntchito kunyumba, ana nawonso azichitira za kusukulu. M'nyumba muno intaneti imangozungulira, vidiyo ndiye osayerekeza. Koma rauta yomweyi ndikakwera nayo kumsewu wa kumtunda imathamanga bwinobwino. Amene anandigulitsa akuti ndigule ina yamphamvu. Kodi rauta ina ingasinthe kanthu, kapena vuto ndi pamene tinamangapa? Sindikufuna kutaya ndalama kawiri.

Kambuku77
Musagule kanthu kaye, mayi. Mwanena nokha kuti kumtunda imagwira. Ndiye rautayo ilibe mlandu.

Namalata
Denga lanu ndi la chiyani? Ngati ndi malata yambirani pamenepo. Malata amabweza netiweki.

Nachigwa
Ndi malata inde, makoma ndi a njerwa zootcha. Koma aneba a kumtunda nawonso ndi malata ndipo sadandaula.

Wamawaya
Yankho lanu kwa a Namalata lili ndi mfundo, mayi. Malata ali ndi gawo lake, koma chachikulu kwanuko ndi chitundacho.

Mafunde a netiweki amayenda molunjika kuchokera pa nsanja. Dothi ndi miyala ya chitunda sangaziboole. Amene amakufikani inu ndi aja apindikira pang'ono pamwamba pa chitundacho, ndi ena amene agunda phiri lina kapena nyumba ina n'kubwerera kwanu. Onsewo amafika atafooka. Nyumba ikakhala m'tsinde mwenimweni mwa chitunda ndiye zimaipiratu, chifukwa mafunde ayenera kupindika kwambiri kuti atsike mpaka pamenepo. Munthu amene ali kutali ndi nsanja kuposa inu, koma ali patali ndi chitundacho, akhoza kumagwira bwino kuposa inu. Anthu ambiri zimenezi sazikhulupirira, amangowerengera makilomita.

Chinanso, makampani sagwiritsa mafunde amtundu umodzi, ndipo mitunduyo imasiyanitsidwa ndi muyezo wotchedwa MHz. Pali apansi monga 700, 800 ndi 900 MHz, ndiye pali apamwamba monga 1800, 2100 ndi 2600 MHz. Funde la 800 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 37, pamene la 2600 MHz silikwana masentimita 12. Lalitalilo limapindika mosavutirapo pa chitunda ndipo limalowa bwino m'makoma. Zili ngati ng'oma yolira kuseri kwa phiri: kugunda kwake mumakumva, koma likhweru la munthu amene waima pambali pa ng'omayo silikufikani. Kuipa kwake n'kwakuti mafunde apansiwa kampani imakhala nawo ochepa, ndipo aliyense wakutali kapena wa m'chigwa amadalira omwewo, choncho amadzaza msanga.

Musanachite china chilichonse, yezani. Lowani mu tsamba la rauta yanu, adilesi yake imalembedwa pansi pa rautayo, ndipo mufufuze manambala awiri: RSRP (mphamvu ya netiweki imene mukulandira) ndi SINR (mmene mphamvuyo yaposera phokoso la mafunde ena). Mulembe za pabalaza, za pa zenera lililonse, za panja, ndipo ngati alipo wokwera padenga mosamala, za pamenepo.

Nyenyezi_M
Bwanji osangoona timizere ta netiweki pa foni? Zamanambalazo n'zovuta kwa ena a ife.

Wamawaya
Timizere sitinena zoona zonse, achemwali. Palibe lamulo loti timizere titatu tikutanthauza mphamvu yakutiyakuti. Wopanga foni aliyense amadziikira yekha. Mafoni awiri patebulo limodzi, SIM za kampani imodzi, ina ikhoza kuonetsa tinayi ina tiwiri.

Manambalawo si ovuta. RSRP imalembedwa mu dBm, muyezo wa mphamvu ya mafunde, ndipo imakhala ndi kamzere kutsogolo. Pafupi ndi -80 ndiye kuti muli pabwino kwambiri. Cha mu -100 zimagwira ntchito. Mukadutsa -110 mwayamba kuvutika, ndipo cha mu -120 netiweki ili pafupi kuduka. Chofunika kukumbukira n'chakuti kusiyana kwa 3 dB ndiye kuti mphamvu yatsika ndi theka, ndipo kusiyana kwa 10 dB ndiye kuti yatsika kakhumi. Ndiye -110 ndi -100 zimaoneka zoyandikana pa pepala koma sizoyandikana n'komwe. Pa mafoni ambiri a Android nambalayi imapezeka mu Settings, pa About phone, kenako SIM status. Pa iPhone mumaimba *3001#12345#* ndipo imatsegula tsamba la zoyezera.

Kambuku77
Ine ndikuti gulani booster, kachida kokweza mphamvu ya netiweki, basi, nkhani ithe. Mnzanga anaika ndipo timizere tinadzaza.

Chiphaliwali
A Kambuku, poyamba munanena kuti asagule kanthu, pano mwasinthanso? Booster ndikutsutsana nayo. Choyamba, m'mayiko ambiri n'kulakwira lamulo kuika chinthu chimenechi popanda chilolezo cha kampani ya netiweki kapena cha bungwe loyang'anira mafunde. Chachiwiri, imakweza chilichonse chimene yalandira, netiweki ndi phokoso lomwe. Timizere timadzazadi koma intaneti osasintha. Chachitatu, mlongoti (antena) wake wapanja ukayandikana ndi wam'nyumba imayamba kudzimva yokha, n'kumatumiza phokoso ku nsanja. Amene amavutika ndi aneba anu onse, osadziwa kuti vuto lachokera kwa inu.

Kambuku77
Koma kwa mnzangayo mafoni anayamba kuimbika m'nyumba. Zimenezo ndinaona ndi maso anga.

Chiphaliwali
Sindikukana. Kuimba foni kumafuna zochepa. Mayiwa akufuna intaneti yogwirira ntchito, ndipo ali kale ndi rauta. Rauta imafuna kuikidwa pamalo abwino, kapena kupatsidwa mlongoti. Sifuna booster.

Gogo_Tcheya
Ana inu mundifotokozere ichi. Kwathu kulibe phiri, n'pachidikha. Nthawi ya chilimwe intaneti imayenda bwino, koma mvula ikangoyamba imayamba kudukaduka mpaka mvula itatha. Ine ndimati ndi mvula imene imatseka mafunde.

Mphepo_ya_Kummwera
Ndi mvula imeneyo agogo, palibenso china. Kwathunso zimatero.

Wamawaya
Agogo, pakati pa nyumba yanu ndi nsanja pali mitengo?

Gogo_Tcheya
Ilipo yambiri, mwana wanga. Pali nkhalango ndithu, ndipo nthawi ya chilimwe imayoyola masamba.

Wamawaya
Ndiye ndi imeneyo, agogo. Madontho a mvula paokha safooketsa kwenikweni mafunde a foni. Mvula imayamba kusokoneza kwambiri pa mafunde opitirira 10 GHz (10,000 MHz), pamene 4G yathuyi nthawi zambiri ili pansi pa 3 GHz. Koma masamba ali ndi madzi mkati mwake, ndipo madzi amamwa mphamvu ya mafundewa. Mitengo ikaphuka, masamba n'kunyowanso ndi madzi a mvula pamwamba pake, mafunde odutsa mmenemo amatuluka atatheratu. Mphepo ikamagwedeza nthambi, netiweki imakwera n'kutsika, ndiko kudukaduka mukunenako. Khoma lonyowa nalonso limatseka kuposa louma.

A Mphepo nawo sakunama kotheratu. Nsanja zambiri zimalumikizana ndi zinzake kudzera mu timbale tozungulira tija timaoneka pamwamba, ndipo timeneto kawirikawiri timagwiritsa mafunde apamwamba kwambiri amene mvula yamphamvu imawasokonezadi. Koma zimenezo zimachitika pa nthawi imene chimvula chikugwa, chikakata zimabwerera. Vuto la nyengo yonse ya dzinja ndi masamba.

Mphepo_ya_Kummwera
Ndiye adule mitengoyo, mwina atatu anayi a kutsogolo.

Nyenyezi_M
Ayi ayi, zimenezo ndiye ayi. Mtengo umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule, ndiye tiudule chifukwa cha vidiyo? Umatipatsa mthunzi, umatchinga mphepo, umagwira dothi kuti lisakokoloke. Ndikupemphani agogo, musamvere zimenezo.

Mphepo_ya_Kummwera
Inu mukuyankhula chifukwa kwanu intaneti imagwira. Munthu amene ntchito yake imadalira intaneti sangaganize za mthunzi.

Nyenyezi_M
Nanga mitengoyo ndi ya agogo okha? Mwina ndi ya aneba, mwina ndi yotetezedwa. Ndipo mukadula inayi ya kutsogolo, ija ili kumbuyo kwake mwaichotsanso?

Gogo_Tcheya
Musakangane chifukwa cha ine. Mitengo sindidula, ina ndinabzala ndekha. Ndimangofuna kudziwa chimene chimachitika, ndipo tsopano ndadziwa.

Chiphaliwali
Ndipo palibe chifukwa chodulira, agogo. N'kosavuta kukweza mlongoti kuti usuzumire pamwamba pa mitengo, kapena kuusunthira pambali pamene pali mpata, kusiyana n'kugwetsa nkhalango.

Nachigwa
Ndabwera ndi manambala. Mwana wa mlongo wanga ndi amene wakwera pa makwerero. Pabalaza pamene rauta imakhala nthawi zonse, RSRP ndi -118 ndipo SINR ndi -2. Pa zenera la kuchipinda loyang'ana kuchitunda, -112. Chimene chandidabwitsa n'chakuti pa zenera la kukhitchini, lomwe layang'ana kwina, ndi -108. Pamwamba pa denga -101, SINR 7. Kumsewu wa kumtunda -88.

Wamawaya
Manambala amenewa anena zambiri. Kuchoka pa -118 kufika pa -101 ndi 17 dB, kutanthauza kuti padenga pali mphamvu yochuluka pafupifupi ka 50 kuposa pabalaza. Palibe rauta yatsopano imene ingakupatseni zimenezo ili pa shelefu pomwepo. Wogulitsa uja mumuuze kuti zikomo.

Za kukhitchini musadabwe. Mwina kumbali imeneyo kuli phiri lina, nyumba yaikulu kapena denga la malata limene likubwezera mafunde kwanu. Mwinanso rauta ikafika kumeneko imagwira nsanja ina yakutali imene ilibe chotchinga. Onani nambala ya Cell ID kapena PCI, yosonyeza mbali ya nsanja imene rauta yagwira, pa tsamba lomwelo. Ikasintha pochoka kuchipinda kupita kukhitchini, ndiye kuti mwagwira mbali ina ya nsanja kapena nsanja ina. Nsanja yapafupi si nthawi zonse imene ili yabwino kwa inu.

Namalata
Onaninso mazenerawo. Ngati la kuchipinda lili ndi sefa ya udzudzu yachitsulo, imeneyo imatseka kwambiri chifukwa timabowo take n'tating'ono kuyerekeza ndi funde. Ya pulasitiki ilibe vuto. Magalasi ena amakono oteteza kutentha ali ndi kachitsulo kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo amatha kutseka kuposa khoma la njerwa. Ku ofesi kwathu munthu amachita kutsegula zenera kuti foni igwire. Konkire yokhala ndi zitsulo mkati nayo ndi chimodzimodzi.

Nachigwa
La kuchipinda lili ndi sefa yachitsulo. La kukhitchini lilibe.

Pamtunda_Boy
Mundilole ndilowererepo, chifukwa zanga n'zosemphana ndi za mayiwa. Ine ndimakhala pamwamba pa phiri, usiku ndimaona magetsi ofiira a nsanja zingapo. Timizere todzaza nthawi zonse, RSRP -85. Koma intaneti ndi yochedwa kuposa ya m'bale wanga wa kumunsi. Ndiye zoti kukwera pamwamba kumathandiza ine ndimazikayikira.

Kambuku77
Kampani yanu ndi yakuba basi, sinthani SIM.

Chiphaliwali
Tisathamangire kunyoza. Achimwene, SINR yanu ikuti bwanji?

Pamtunda_Boy
Imasewera pakati pa 0 ndi 3.

Chiphaliwali
Vuto lanu ndi limenelo. RSRP imakuuzani kukula kwa mphamvu imene mukulandira ku nsanja yanu. SINR imakuuzani kuti mphamvu imeneyo yaposa bwanji phokoso ndi mafunde a nsanja zina. Mu 4G nsanja zoyandikana za kampani imodzi zimagwiritsa mafunde omwewo. Inu pamwambapo mukuzimva zonse nthawi imodzi, ndiye zikusokonezana. M'bale wanu wa kumunsi phiri likumutchingira zinazo, akumva imodzi yokha bwinobwino. SINR ya pamwamba pa 13 ndi yabwino, ya 20 ndi yabwino kwambiri, ya pafupi ndi 0 ndi mavuto ngakhale timizere tidzaze.

Mankhwala anu ndi osiyana ndi a mayi Nachigwa. Inu musakweze kanthu. Ikani rauta pambali pa khoma limene likutchinga nsanja zinazo n'kusiya imodzi, kapena gulani mlongoti wolunjika mbali imodzi kuti uzimva kutsogolo kokha. Anthu okhala m'mbali mwa nyanja yaikulu amakumananso ndi zomwezi, chifukwa pamadzi palibe chotchinga ndipo mafunde a nsanja za kutsidya amawoloka mosavuta.

Mlendo_Watsopano
Ine nsanja ili kuseri kwa mpanda wathu weniweni koma netiweki si yabwino monga ndimayembekezera. N'zotheka?

Wamawaya
N'zotheka. Milongoti ya pa nsanja simwaza mafunde paliponse mofanana. Nthawi zambiri imakhala mbali zitatu, iliyonse yoyang'anira madigiri pafupifupi 120, ndipo imalozetsedwa kutali, yoweramitsidwa pang'ono chabe. Amene ali pansi penipeni mafunde amphamvu amamudutsa pamutu.

Mphepo_ya_Kummwera
Nanga bwanji kwathu imagwira bwino m'mawa koma madzulo imafa? Phiri limasuntha madzulo?

Chiphaliwali
Phiri silisuntha, achimwene, anthu ndi amene amachuluka. Nsanja imagawa mphamvu yake kwa onse amene alumikizidwa. Yezani RSRP m'mawa ndi madzulo. Ikakhala yomweyo koma liwiro latsika, ndiye kuti nsanja yadzaza, ndipo mlongoti sungathetse zimenezo pokhapokha ukulozeni ku nsanja ina kapena ukuthandizeni kugwira mafunde apamwamba omwe ali ndi malo ambiri.

Kambuku77
5G ikafika zonsezi zidzatha.

Namalata
Kwa a m'chigwa sizidzatha. 5G yothamanga kwambiri imene mayiko ambiri akuika ili cha mu 3500 MHz, pamwamba kuposa 4G. Chitunda ndi makoma zimaitchinga kwambiri kuposa 800 MHz.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za 5G zili ndi malo ake ena okambirana. Tibwerere kwa mayi Nachigwa, sanayankhidwe kuti achite chiyani.

Wamawaya
Zoona. Mayi, muli ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kusiya rauta m'nyumba n'kuika mlongoti panja pa mzati, ngati rautayo ili ndi timabowo tolumikizira kumbuyo. Mukasankha imeneyi, samalani ndi waya. Waya wa mlongoti amadya mphamvu pa mita iliyonse, makamaka wopyapyala uja wa RG58, ndipo amadya kwambiri pa mafunde apamwamba. Ndaonapo anthu akukweza mlongoti pamwamba kwambiri n'kukoka waya wopyapyala wautali mpaka pabalaza, zonse zimene anapeza pamwamba n'kuthera mu wayamo. Waya akhale wonenepa ndiponso wamfupi, rauta ikhale m'chipinda chimene chili pansi pa mzatiwo. Timabowo tikakhala tiwiri, tonse tilumikizidwe. 4G imagwiritsa milongoti iwiri nthawi imodzi, ndiyo MIMO, ndipo mukalumikiza umodzi mwataya gawo lalikulu la liwiro. Milongoti yambiri yogulitsidwa imakhala iwiri kale m'bokosi limodzi, yopingasana, ndi mawaya awiri.

Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi rauta yapanja imene SIM imalowa momwemo pa mzati. Kuchokera pamenepo mumatsitsa waya wa Ethernet, uja wolumikizira intaneti ku kompyuta, amene amayenda mpaka mamita 100 osataya liwiro, ndipo magetsi amatha kudzera mu waya yemweyo. Ubwino wake ndi wakuti mzati sukakamizidwa kukhala padenga. Ngati malo anu akukwera chakumtunda, mukhoza kuuzika kumapeto kwa mpanda kumene manambala ali abwino. Rauta muli nayoyi ikhoza kumagawa WiFi m'nyumba ngati ili ndi polowetsa Ethernet yochokera kunja.

Pamtunda_Boy
Mzatiwo utalike bwanji? Ungofika poti nsanja ikuoneka basi?

Wamawaya
Kuiona n'chiyambi chabwino koma sikokwanira. Mafunde safuna kanjira kopyapyala, amafuna mpata wozungulira mzere wochoka pa nsanja kufika kwa inu, wotakata pakati n'kuning'a kumapeto konse. Mpata umenewu umatchedwa Fresnel zone, potengera dzina la Augustin Fresnel, katswiri wa ku France amene anafufuza za kayendedwe ka kuwala ndipo anamwalira mu 1827. Nsanja ikakhala pa makilomita 5, pakati pa njirayo mpatawu umafika pafupifupi mamita 14 kuchoka pa mzere uja pa 1800 MHz, ndipo pa 800 MHz umapitirira mamita 21. Amisiri amafuna kuti 60 peresenti ya mpata umenewu ikhale yopanda chotchinga. N'chifukwa chake mutha kumaiona nsanja ikusuzumira pamwamba pa chitunda koma netiweki n'kukhalabe yofooka, chitundacho chadya theka la mpata.

Kwa mayi Nachigwa mwina nsanja sadzaiona n'komwe, ndipo zisawagwetse ulesi. Kuseri kwa chitunda mita iliyonse yokwera imachepetsa kupindika kumene mafunde ayenera kuchita. Akweze pang'onopang'ono, azizunguza mlongoti pang'ono n'kudikira manambala akhazikike asanasunthenso. Asangolozetsa kuchitunda kokha. Mbali ya kukhitchini ija ayeseko ndithu.

Nachigwa
Ndamva. Funso lina, chifukwa ntchito yanga ndi yotumiza mafayilo ndi kuchita misonkhano ya pa vidiyo. Ngakhale pa zenera la kukhitchini, kulandira kumathekako koma kutumiza ndiye kumakanikiratu. Anzanga ndimawaona koma iwo amati ine ndangouma.

Chiphaliwali
Zimenezo zikugwirizana ndi malo anu. Nsanja imatumiza ndi mphamvu ya ma watt 20 kapena kuposa, kudzera mu milongoti ikuluikulu. Foni kapena rauta yanu imayankha ndi mphamvu ya pafupifupi 23 dBm, omwe ndi ma milliwatt 200. Chitunda chomwe chija mayankho anu ayeneranso kuchidutsa pobwerera. Ndiye kutumiza n'kumene kumayamba kufa. Mlongoti wapanja umathandiza mbali zonse ziwiri, ndipo kwa inu kusintha kwakukulu mudzakuona pa kutumizako.

Gogo_Tcheya
Mwana wanga Nachigwa, chimodzi chokha. Mzati wachitsulo pamwamba pa nyumba ndi mphezi sizimvana. Zimenezi anyamatawa sanazitchule.

Wamawaya
Agogo anena zofunika kwambiri. Mzati ulumikizidwe ndi waya wonenepa wa kopa ku ndodo yokhomeredwa pansi, ndipo pa waya wolowa m'nyumba paikidwe kachida koteteza ku mphezi. Ntchito imeneyi agwire ndi mmisiri wa magetsi. Mzati usayandikirenso mawaya a magetsi, muyeze kuti ngakhale utagwa sungawafike. Mwana uja asakwerenso yekha padenga popanda wogwira makwerero, ndipo kukachita mitambo asakwere n'komwe.

Nachigwa
Rauta yanga ndayang'ana kumbuyo, ili ndi timabowo tiwiri ting'onoting'ono totsekedwa ndi kapulasitiki. Ndiye kuti mlongoti uliwonse ungalowe?

Namalata
Ayi mayi, timabowoto tili m'mitundu. Ta mazinga tozungulira nthawi zambiri ndi SMA, tongokankhira ting'onoting'ono ndi TS9 kapena CRC9, ndipo awiri omalizawa amafanana kwambiri pooneka koma salowerana. Onani m'kabuku ka rautayo, kapena itengeni pokagula. Onaninso pa tsamba lija kuti ikugwira band iti mukakhala padenga. Ikalemba Band 20 ndiye 800 MHz, Band 3 ndi 1800, Band 7 ndi 2600. Mlongoti umene mugule ukhale wolembedwa kuti umagwira band imeneyo, chifukwa ilipo ina yotchipa imene imayambira pa 1700 MHz kupita m'mwamba, ndipo m'chigwa mwanumo mwina mukudalira yapansi.

Nachigwa
Padenga inalemba B20. Kukhitchini imasinthasintha, B20 ndi B3.

Wamawaya
Ndiye gulani wogwira kuyambira 700 mpaka 2700 MHz. Ukhala waukulupo chifukwa mafunde apansi amafuna mlongoti waukulu, choncho mzati ukhale wolimba ndi womangidwa bwino ku mphepo. Ndipo B3 ya kukhitchiniyo muilondole, tiuzeni PCI yake ndi SINR mlongoti ukaloza kumeneko.